Laputopu ya Linux ndi ma PLC a m'mapanelo athu: njira zinayi, musankhe iti?

Tsiku lina mu Januwale, mvula itavumba usiku wonse, ndinaitanidwa ku chigayo china chachikulu cha kufupi ndi Lizulu. Makina awo opakira ufa m'matumba anali ataima. Mota zinali zamoyo, makontakita ali bwinobwino, koma kabokosi ka kampani ya Delta kamene kamalamula zonse, kotchedwa PLC, kanali kakuyatsa getsi lofiira la ERROR. Ndinatulutsa laputopu yanga, yomwe nthawi imeneyo inali ndi Ubuntu yokha, mtundu wina wa Linux, ndipo eni chigayo anaima pambali panga atapinda manja. "Amisiri, zitheka lero? Galimoto ibwera mawa m'mamawa kudzanyamula ufa." Ndinati, "Bambo, tiyese." Ndinalimbana nazo mpaka dzuwa kupendeka. Linux inkachiona chingwe, pulogalamu ya Delta inatseguka kudzera mu Wine, yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, koma pulogalamuyo ndi chingwecho sizinkamvana. Ntchito inatheka mawa lake masana, ndi laputopu ya Windows yobwereka kwa mnzanga wa pa boma la Dedza, galimoto itabwerera yopanda katundu.

Amisiri anzanga ambiri akufunsa za Linux masiku ano, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, pomwe laputopu zambiri zakaunjika zomwe timagula ku Lilongwe n'zakale kuposa pamenepo. Linux Mint kapena Ubuntu imayenda mopepuka pa makina omwewo, ndipo ndi yaulere. Ine ndimaikonda, ndiyo ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Koma pa ntchito ya PLC, chosankha chimayambira pa kabokosi kamene mukakapeze mukatsegula panelo ya kasitomala.

Zoyenera kudziwa musanasankhe

Pali mapulogalamu awiri amene anthu amawasokoneza. Ina imakhala mkati mwa PLC n'kumayendetsa makina usana ndi usiku. Ina imakhala pa laputopu yanu, yolembera ladder (malamulo a PLC ojambulidwa ngati makwerero), yothirira pulogalamu mu PLC ndi kuikokamo. Mukamva kuti kampani ina "yapita pa Linux", kawirikawiri akunena yoyambayo. PFC200 ya WAGO ndi PLCnext ya Phoenix Contact zili ndi Linux mkati. CODESYS ili ndi mbali yoyenda pa Linux ndi pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Beckhoff ili ndi TwinCAT/BSD, yomangidwa pa FreeBSD, yomwe si Linux koma imafanana nayo. Koma PLCnext Engineer, CODESYS Development System ndi pulogalamu yolembera ya TwinCAT zonse ndi za Windows. N'chimodzimodzinso TIA Portal ya Siemens, Studio 5000 ya Rockwell, GX Works ya Mitsubishi, CX-One ya Omron, WPLSoft ndi ISPSoft za Delta, komanso Zelio Soft ndi Machine Expert Basic za Schneider. Makina ambiri ofika kuno kuchokera ku China, India kapena South Africa amabwera ndi limodzi mwa mayina amenewa.

Pali njira zinayi zogwirira ntchito ya PLC ndi laputopu yanu. Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, kuwerengera layisensi, RAM yowonjezera ndi bandulo ya intaneti, chifukwa ena mwa mapulogalamuwa ndi ma GB angapo ndipo layisensi imafuna ndalama zakunja. Kupezeka: kodi mungaipeze muli ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo zikavuta alipo woti mumuimbire? Kusamalira: ikudyerani nthawi yochuluka bwanji kuti izikhalabe yogwira ntchito? Zoopsa: chingalakwike n'chiyani makina a munthu ali m'manja mwanu? Pamwamba pa zinayizi pali mayeso amodzi omwe sindimanyengerera: muli ku Tsangano kapena ku Kasinje, netiweki yathawa, magetsi azima, kodi mungakoke pulogalamu mu PLC, kuikonza, n'kuibwezeramo?

Njira yoyamba: Windows yeniyeni, pa laputopu yakeyake kapena pa dual boot

Mtengo: Ngati muli ndi laputopu imodzi, kugawa disiki kuti Linux ikhale mbali ina, Windows mbali ina (dual boot), sikudya ndalama. Laputopu yachiwiri ndiyo imapweteka m'thumba, ngakhale kuti mapulogalamu a Delta, Zelio Soft ndi Machine Expert Basic ndi aulere ndipo amakhutira ndi kompyuta yakale ya 4 GB. TIA Portal ndi nkhani ina: layisensi yake ndi yogula, yoyesera imatha pa masiku 21, ndipo imafuna makina amphamvu.

Kupezeka: Apa palibe yoiposa. Mnyamata aliyense wokonza makompyuta pa boma amadziwa kuika Windows, ndipo mukaimbira amene anagulitsa makinawo, malangizo awo onse ndi a Windows.

Kusamalira: Laputopu ya ntchito ya PLC yokha, yosalowa pa intaneti, imatha kukhala zaka osaikhudza. Windows 10 sinafe pa tsiku lija. Imayakabe, kungoti sikulandiranso zigamba za chitetezo. Pa dual boot chotopetsa ndi kuzimitsa n'kuyatsanso nthawi iliyonse mukafuna mbali inayo, ndipo nthawi zina Windows ikadzikonza imasokoneza poyambira pa Linux.

Zoopsa: Mavayirasi, ndipo njira yake ndi fulashi. Fulashi yomwe yadutsa pa malo opangira fotokope isalowe mu laputopu imeneyi. Vayirasi ya Stuxnet, yomwe inadziwika mu 2010, inkayenda pa mafulashi n'kumasaka makompyuta okhala ndi pulogalamu ya PLC ya Siemens yotchedwa Step 7. Palibe amene akusaka chigayo cha ku Lizulu motero, koma pali msampha wina woyandikira kwa ife. Mmisiri akapeza PLC yotsekedwa ndi pasiwedi, amathamangira pa intaneti kukatsitsa kapulogalamu kothyolera. Mu 2022 kampani ya Dragos inapeza kuti ena mwa mapulogalamu oterewa ankabwera atabereka vayirasi ya Sality. Mapulogalamu a crack a Siemens kapena Mitsubishi amene timapatsana pa mafulashi nawonso sitidziwa chomwe abereka.

Njira yachiwiri: Linux pansi, Windows mkati mwa virtual machine

Iyi ndiyo ndimayendera panopa, ndiye ndikhalapo pang'ono. Linux ndiyo mwini laputopu, Windows imakhala ngati mlendo m'chipinda chake, mumaiyatsa pawindo mukaifuna. Mapulogalamu omanga chipindacho ndi monga VirtualBox, KVM ndi VMware.

Mtengo: VirtualBox ndi yaulere, ndipo kuyambira pa 7.0 USB 2.0 ndi 3.0 zimabwera mkati momwemo. KVM ili kale mu Linux, mumangoika virt-manager. VMware Workstation Pro nayo inakhala yaulere kwa aliyense mu Novembala 2024. Koma Windows ya mkatiyo imafunabe layisensi yake, ndipo laputopu ikuyendetsa makompyuta awiri nthawi imodzi. Pa mapulogalamu ang'onoang'ono 8 GB imakwana. Pa TIA Portal, musayambe opanda 16 GB ndi SSD. Ndalama yeniyeni ya njirayi ili pa RAM ndi disiki.

Kupezeka: Zonse zimatsitsidwa pa intaneti kamodzi. Onani kaye mu BIOS kuti VT-x kapena AMD-V, yothandiza purosesa kuyendetsa virtual machine, ndi yoyatsa, chifukwa laputopu zina zimabwera itazimitsidwa. Thandizo la pafupi ndi lochepa; okonza makompyuta ambiri kwathu sanakhudzepo KVM. Dziwaninso kuti Siemens imatchula VMware ndi Hyper-V pa mndandanda wa zomwe imavomereza pa TIA Portal. Anthu ambiri amaiyendetsa pa VirtualBox ndi KVM popanda vuto, koma mukakadandaula kwa ogulitsa akhoza kukuuzani kuti zimenezo si zawo.

Kusamalira: Phindu lalikulu ndi snapshot. Mukamaliza kuika Windows, pulogalamu ya PLC ndi ma driver a zingwe, mumajambula chithunzi cha makina onsewo. Chikalakwika chilichonse, mumabwerera pamenepo m'mphindi zochepa. Windows yonseyo ndi fayilo, mumaikopera pa disiki yakunja n'kuisiya kunyumba, ndipo laputopu ikabedwa m'minibasi kapena ikanyowa, mumagula ina n'kupitiriza. Mungakhalenso ndi Windows zingapo, ina ya Siemens, ina ya Delta ndi Mitsubishi, kuti mapulogalamu asamakangane. Izi zimathandiza kwambiri pa TIA Portal, chifukwa ntchito yosungidwa pa version yatsopano sitseguka pa yakale, ndipo PLC yatsopano imafuna version yoidziwa.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Layisensi ya Siemens imakhala pa disiki ndipo imasunthidwa ndi Automation License Manager. Musanabwerere ku snapshot yakale, isamutsireni kaye pa fulashi yake. Chachiwiri, VirtualBox ndi VMware zimadalira tizidutswa tomangidwa mogwirizana ndi kernel, mtima wa Linux, ndiye kernel ikasintha nthawi zina zimakana kuyaka, makamaka Secure Boot ikakhala yoyatsa. KVM ilibe vuto limeneli. Ine ndimakhala pa Ubuntu ya LTS, yomwe imatuluka zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa zaka zisanu, ndipo sindipanga update usiku woti mawa ndikupita ku ntchito.

Zoopsa: Zonse zili pa chingwe. Ndinapita kukaona pampu ya madzi ku mbali ya ku Bembeke, yoyendetsedwa ndi PLC ya Siemens ya S7-1200. Ndinalumikiza chingwe cha Ethernet, timagetsi ta pa doko tikuphethira bwinobwino, koma mndandanda wa Accessible devices mu TIA Portal unabwera wopanda kanthu. Alonda a pamalopo anandibweretsera mpando, nati, "Khalani pansi achimwene, zinthu izi sizifuna phuma." Nditakhala ndinakumbukira: netiweki ya virtual machine inali pa NAT, pomwe Windows imabisala kumbuyo kwa Linux. Njira imene Siemens imasakira ma PLC siidutsa pa NAT, imafuna kuti Windows ikhudze waya mwachindunji. Nditasintha kukhala bridged pa doko la Ethernet, PLC inaonekera pompo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kachingwe kosintha USB kukhala Ethernet, ndipo ndimakapereka konse kwa Windows. Pa Wi-Fi musayese n'komwe.

Zingwe za USB nazo muyenera kuzipereka kwa Windows nokha, ndipo pa VirtualBox dzina lanu likhale mu gulu la vboxusers, apo ayi simuziona. Choopsa kwambiri ndi kuduka pakati pothira pulogalamu, makamaka pa firmware, pulogalamu ya kufakitale yoyendetsa PLC yeniyeniyo. Zimitsani zoti laputopu izigona yokha. Ndipo virtual machine imadya batire mwachangu, ndiye kumene magetsi a ESCOM athawa, yang'anani batire musanadine download.

Njira yachitatu: Wine

Wine si Windows. Imangomasulira zomwe pulogalamu ya Windows ikupempha kuti Linux imve.

Mtengo: Palibe. Sifuna layisensi ya Windows kapena RAM yowonjezera, n'chifukwa chake imakopa amene ali ndi laputopu ya 4 GB.

Kupezeka: Ili m'nkhokwe ya mapulogalamu ya Ubuntu, Mint ndi Debian. Koma thandizo la opanga PLC palibe ngakhale pang'ono.

Kusamalira: Apa m'pamene ndinagwera ku Lizulu, ndipo chifukwa chake ndinachipeza patapita sabata. Wine imagawa yokha manambala a COM, mayina omwe Windows imapatsa madoko a serial. Pa laputopu yanga madoko a ttyS anatenga COM1 mpaka COM32, chingwe changa cha ttyUSB0 n'kukhala COM33, kutali ndi kumene pulogalamu inkayang'ana. Mankhwala ake ndi kulowa mu registry ya Wine, pa Software\Wine\Ports pansi pa HKEY_LOCAL_MACHINE, n'kulemba kuti COM1 ndi /dev/ttyUSB0. Dzina lanu likhalenso mu gulu la dialout. Kenako muonetsetse kuti kalankhulidwe kakufanana ndi ka PLC. Delta DVP imabwera pa ASCII, 9600, 7, E, 1. Zikatheka lero, Wine ikasintha version muyesenso musanapite nazo kwa kasitomala.

Zoopsa: Wine siyendetsa ma driver ambiri a Windows a zipangizo za USB. Chingwe cha serial wamba chimadutsa chifukwa Linux ndiyo ikuchiyendetsa, koma chingwe chapadera cha kampani, chofuna driver yakeyake, kawirikawiri sichidutsa. Mapulogalamu akuluakulu ngati TIA Portal ndi Studio 5000 musataye nawo nthawi. Ndipo pulogalamu kutseguka sizitanthauza kuti ithira bwino mu PLC. Ndimaigwiritsa ntchito potsegula fayilo n'kuwerenga ladder ndili kunyumba, basi.

Njira yachinayi: mapulogalamu obadwira pa Linux

Mtengo: OpenPLC, yomwe anayambitsa Thiago Alves, ndi yaulere yonse. Editor yake imayenda pa Linux, Windows ndi macOS, ndipo imatsata IEC 61131-3, muyezo womwewo umene makampani akuluakulu amatsata. Ladder, function block kapena structured text zimene muphunzire apa mukazipeza kwina. Palinso Beremiz, kumene OpenPLC inatenga editor yake yoyamba. Pulogalamu yomwe mwalemba imakayenda pa timabolodi ta Arduino, ESP32 kapena Raspberry Pi. Mbali ya makampani, LOGO! Soft Comfort ya Siemens, yolembera PLC yaing'ono ya LOGO!, ili ndi mtundu wa Linux. Ndi yogula, ndipo yoyesera ija siithira pulogalamu mu LOGO! yeniyeni.

Kupezeka: Mapulogalamuwa ndi opepuka kutsitsa, ndipo ma Arduino ndi ESP32 savuta kuitanitsa. Chokondweretsa china: zingwe za CH340, FTDI ndi PL2303 zimangogwira pa Linux mukangozilowetsa, pomwe pa Windows zina za PL2303 zakale kapena zachinyengo zimakanidwa ndi driver. Pa Modbus, njira yolankhulirana zipangizo yomwe kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo ikadali paliponse, Linux ili pakwawo. Ndi mbpoll kapena QModMaster ndi kachingwe ka RS-485 mungawerenge VSD (chosinthira liwiro la mota), mita ya magetsi kapena inveta ya pampu ya sola yokhala ndi Modbus popanda kukhudza Windows.

Koma mvetsani ichi: OpenPLC siilemba pulogalamu ya S7-1200, Delta kapena Mitsubishi, ndipo siingakoke yomwe ili mkatimo. Ndi ya makina amene mukumanga nokha kuyambira pansi.

Kusamalira: Zonse zili pa mutu panu, ndipo zimenezi zili ndi ubwino wake. Palibe layisensi yotha, palibe kudikira wogulitsa wa ku Johannesburg. Koma mukadzasamukira ku Blantyre, ndani adzatsegule bokosilo n'kumvetsa? Siyani chithunzi cha mawaya mkati mwa chitseko cha panelo, ndi fulashi yokhala ndi pulogalamu kwa eni ake.

Zoopsa: Vuto lalikulu lili pa chitsulo, osati pa pulogalamu. Raspberry Pi imasunga zonse pa SD card, ndipo kuthimathima kwa magetsi kumaononga khadi imeneyi. Timiyendo ta Raspberry Pi ndi ta 3.3 V, pomwe masensa ndi marile a m'mapanelo ndi a 24 V, ndiye pamafunika bolodi yolekanitsa pakati. Wonjezani fumbi la ufa, chinyezi cha m'mapiri a Dedza ndi mphezi za dzinja zomwe zimalowa kudzera pa waya wautali wochokera ku thanki. PLC ya kampani inamangidwira zimenezi. Kabolodi kosavala sikanamangidwire. CODESYS pa Raspberry Pi nayo, ngati ilibe layisensi, imaima pakatha maola awiri. Tsamba loyendetsera OpenPLC version 3 limatseguka pa port 8080 ndi pasiwedi yodziwika kwa aliyense, ndipo Modbus ilibe pasiwedi n'komwe, ndiye sinthani pasiwediyo ndipo musalumikize bokosi pa rauta imene anthu onse amagwiritsa ntchito. Batani lofiira la emergency stop lidule kontakita mwachindunji ndi waya, lisadutse mu pulogalamu. Pa macheka a matabwa kapena lamba wa chigayo, dzanja la munthu lisadalire kabolodi.

Nanga inu muli pati?

Ngati mumayenda kukonza makina a anthu, lero Delta ku Lizulu, mawa Siemens ku Ntcheu boma, ndipo laputopu yanu ingafike 16 GB ndi SSD, tengani njira yachiwiri. Yesani chingwe chilichonse kunyumba pa PLC yeniyeni, jambulani snapshot, kenako muzipita nazo kunja. Amene ntchito yawo yambiri ndi TIA Portal asankhe VMware. Ena onse KVM imawapumitsa ku mavuto a kernel.

Ngati laputopu yanu ndi ya 4 GB ndipo simungaiwonjezere, musaikakamize kunyamula awiri. Isiyeni pa Windows 10, ichotseni pa intaneti, ikhale chida cha PLC ngati mmene spanala ilili chida. Zotsitsa muzitsitsira pa foni kapena pa kompyuta ina, n'kuzibweretsa pa fulashi imodzi yosabwereketsa. Chimodzimodzi amene mwalembedwa ntchito pamalo amodzi, pa fakitale kapena pa malo opopera madzi, pomwe makina akaima anthu ambiri avutika: laputopu ya Windows yokhala m'kabati ya pantchito ndiyo yoyenera, ndipo firmware muzithira ndi imeneyo.

Ngati mukuphunzira, kaya ku sukulu ya ntchito zamanja kaya panokha, yambani ndi Linux Mint, OpenPLC ndi Arduino imodzi. Lembani star-delta, pampu yodzaza thanki ndi masensa awiri, ndi mota ziwiri zosinthana. Mukadzafika pa Siemens mudzangophunzira kumene mabatani ali.

Ngati mukumanga kanthu katsopano kakang'ono, monga nthawi yothirira dimba la tomato kapena mbatatesi, kapena kuzimitsa pampu thanki ikadzadza, OpenPLC pa ESP32 yokhala ndi bolodi ya marile ndi bokosi lotseka bwino imakwana. Pamene pali mota zikuluzikulu ndipo mukufunabe kukhala pa Linux, LOGO! ndiyo ili pakati: chitsulo cha kampani, pulogalamu yoyenda pa laputopu yanu.

Ndipo ngati ndinu eni makina, osati mmisiri, gawo lanu lili pa tsiku logula. Funsani wogulitsa dzina ndi nambala ya PLC yomwe ili mkati, pulogalamu yolembera ndi version yake, fayilo ya pulogalamu ya makinawo, ndi pasiwedi ngati ilipo. Zilembedwe pa mgwirizano musanamalize kulipira. Ngati makina muli nawo kale, itanani mmisiri tsiku limene akuyenda bwino, akoke pulogalamuyo, aisunge pa mafulashi awiri, ina mu ofesi, ina kunyumba kwanu.